Nthanda Inayankha: Mmene Okonda Wayilesi Anagundira Venus ndi Mafunde Awo

Munthu amene amalawirira m'bandakucha kuchoka ku Mgona kupita kuntchito ku Kanengo, kapena kukayala malonda pamsika wa mtedza, amaidziwa nyenyezi yowala koposa zonse imene nyengo zina imaima kum'mawa dzuwa lisanatuluke. Makolo anaitcha Nthanda. Asayansi amaitcha Venus, ndipo amati si nyenyezi ayi koma pulaneti, dziko lozungulira dzuwa monga lathuli. Ilibe moto wakewake. Kuwala konse kumene timaona ndi kwa dzuwa, Nthanda imangobweza.

Pa kubweza pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Kuwala ndi mafunde a wayilesi ndi ana a mimba imodzi, amangosiyana kutalika kwa funde, ndipo onse amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Ngati Nthanda imabweza kuwala, ingabwezenso mafunde a wayilesi amene munthu wailasa nawo. Maboma olemera anachita zimenezi mu 1961. Chodabwitsa n'choti mu 2009, ndiponso mu 2025, magulu a anthu odzipereka, ogwira ntchitoyi pa nthawi yawo yopuma ndiponso pa zipangizo zakale zomwe eni ake anali atazisiya, anatumiza mafunde ku Venus n'kuwamva akubwerera patapita pafupifupi mphindi zisanu.

Anthuwa ndi ndani

Pachingerezi ntchitoyi imatchedwa amateur radio. Ndi wayilesi ya anthu amene saulutsa nyimbo kapena nkhani kwa omvera, ndipo salandirapo ndalama. Amamanga kapena kugula makina otumizira ndi kulandirira mafunde, n'kumalankhulana okhaokha kudutsa malire a maiko, pamlomo, pa Morse kapena pa kompyuta. Bungwe la International Telecommunication Union linawapatulira zigawo zawozawo za mafunde, ndipo aliyense amakhala ndi dzina loitanira lomwe zilembo zake zoyamba zimaulula dziko lake. La Malawi limayamba ndi 7Q, la Zambia ndi 9J, la Mozambique ndi C9, la South Africa ndi ZS. M'masiku a Nyasaland, kuno kunkamveka ZD6. Ziphaso zake kuno kwathu zimachokera ku MACRA, bungwe loyang'anira mafunde motsatira lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, ndipo kutumiza mafunde popanda chiphaso ndi mlandu.

Amalawi ochita zimenezi ndi ochepa kwambiri, moti dzina loyamba ndi 7Q likamveka, anthu a ku Japan, ku Ulaya ndi ku America amalimbirana kuti aliyankhe. N'chifukwa chake alendo amabwera ndi mabokosi a zipangizo, n'kukhala sabata imodzi kapena ziwiri akuyankha dziko lonse. Mu Meyi 2015 kagulu kena ka ku Ulaya kanaimika maeriyo m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, pansi pa dzina la 7Q7EME, ndipo kanalumikizana ndi anzawo a m'maiko ambiri pogunditsa mafunde pa mwezi. Choncho nthaka ya Malawi inalasako kale chinthu cha kumwamba n'kumva yankho, ngakhale kuti olasawo anali alendo ndipo zipangizo zinabwerera m'mabokosi. Zokhazikika pang'ono zili ku Embangweni m'boma la Mzimba, kumene siteshoni ya 7Q6M yakhala ikuphunzitsa achinyamata a m'deralo, ena mpaka kupeza ziphaso zawo.

Mwezi unayamba kuyankha

Mwana wabusa akafuula moyang'anizana ndi thanthwe la phiri la Bunda, phirilo limamuyankha. Akachedwa kumva yankho, amadziwa kuti thanthwe lili patali. Umo ndi mmene rada imagwirira ntchito, kungoti m'malo mwa mfuu imagwiritsa ntchito mafunde a wayilesi.

Pa 10 Januwale 1946 asilikali a United States, motsogozedwa ndi John DeWitt, analozetsa rada yotsala pa nkhondo yachiwiri kumwezi ali ku Camp Evans m'chigawo cha New Jersey. Ntchitoyi anaitcha Project Diana. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400, ndipo yankho linabwera patatha masekondi awiri ndi theka. Aka kanali koyamba kutsimikiza kuti mafunde opangidwa ndi munthu angaboole mlengalenga n'kubwerera.

Mwezi wotsatira, ku Hungary, dziko lomwe nkhondo inali italiphwasula, Zoltán Bay anachitanso zomwezo ndi makina ofooka kwambiri moti yankho lake silikanamveka ndi khutu kapena kuoneka pa galasi la rada. Nzeru imene anapeza ndi yomwe ikugwirabe ntchito mpaka lero, choncho m'pofunika kuifotokoza. Anandandalika timabotolo 10 ta madzi osungunuliramo mankhwala, ndipo ankatumiza funde mobwerezabwereza. Funde lililonse likapita, magetsi otuluka m'cholandirira ankalowetsedwa m'timabotolomo motsatana, kalikonse pa kanthawi kake. Magetsi akadutsa m'madzi otere amatulutsa mpweya wa haidrojeni. Atabwereza kambirimbiri, kabotolo kogwirizana ndi nthawi imene yankho la mwezi linayenera kufika kanapezeka ndi mpweya wochulukirapo kusiyana ndi tinzake. Bay sanamve kalikonse. Anangosonkhanitsa yankho dontho ndi dontho mpaka litakwana kuyezedwa.

Okonda wayilesi sanachedwe kutsatira. Mu 1953 Ross Bateman ndi Bill Smith a ku United States anamva mafunde awo akubwerera kuchoka kumwezi, ndipo mu Julayi 1960 magulu awiri, lina ku California lina ku Massachusetts, analankhulana kudzera pa mwezi pa 1296 MHz. Lero njira imeneyi, yomwe amaifupikitsa kuti EME, si yachilendonso. Munthu wa eriyo yabwino kuseri kwa nyumba ndi kompyuta wamba amaitha, makamaka chifukwa cha mapulogalamu aulere a WSJT amene Joe Taylor, wasayansi wolandira mphoto ya Nobel mu 1993 yemwenso ndi wokonda wayilesi, anayamba kutulutsa mu 2001.

Masamu ankhanza a mtunda

Wina angaganize kuti amene wagunda mwezi wangotsala pang'ono kugunda Venus. Si choncho, ndipo chifukwa chake ndi masamu osavuta kumva koma ovuta kulimbana nawo.

Walitsani tochi pakhoma usiku magetsi atazima. Mukabwerera m'mbuyo n'kuwirikiza mtunda kawiri, kuwalako kumamwazikana pamalo aakulu kanayi, ndiye malo alionse amalandira gawo limodzi mwa magawo anayi. Tsono yankho la rada limayenda ulendo wopita ndi wobwera, ndipo pobwera limamwazikananso chimodzimodzi. Mtunda ukawirikiza kawiri, yankho limafooka ka 16. Ukawirikiza ka 10, limafooka ka 10,000.

Venus ikayandikira kwambiri imakhala pa makilomita apakati pa 38 miliyoni ndi 43 miliyoni. Kumeneko n'kofanana ndi kuyenda msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre maulendo oposa 120,000, mtunda umene funde la wayilesi limaudula ulendo umodzi m'gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Poyerekeza ndi mwezi, Venus ili kutali kuposa ka 100. Chulukitsani 100 kanayi motsatizana, mupeza 100 miliyoni. Mwayi ulipo pang'ono poti Venus ndi yaikulu, makilomita 12,104 m'mimba mwake pamene mwezi ndi 3,474, choncho nkhope yake yobwezera mafunde ndi yotambalala pafupifupi ka 12, komanso miyala yake imabweza bwinoko. Zonse zikawerengedwa, yankho la Venus limakhalabe lofooka kuposa la mwezi pafupifupi ka 10 miliyoni.

Dishi yaikulu imathandiza pomanga mafunde mtolo umodzi wopyapyala m'malo moti amwazikane. Komabe ngakhale dishi ya mamita 25 imaponya mtolo wotambalala ngati mwezi wathunthu, pamene Venus kumwambako ndi kadontho kochepa ka 30 poyerekeza ndi mwezi. Mphamvu imene imagunda pulanetiyi siifika gawo limodzi mwa magawo 1,000 a imene yatumizidwa. Yotsalayo imangopitirira n'kutayika. Pa yochepa yagundayo, yambiri imamwedwa ndi nthaka, ina imamwazikira mbali zonse. Tikawerengera mongoyerekeza, chimene chimabwerera m'dishi ndi wati imodzi yogawidwa ndi nambala ya 1 wotsatiridwa ndi maziro 21. Phokoso limene waya wa cholandirira amapanga yekha chifukwa chongofunda limaposa pamenepo.

Akuluakulu nawo anapunthwa

M'malo ovuta chonchi, maso amaona zimene mtima ukufuna. Mu 1958 akatswiri a Lincoln Laboratory ku United States analozetsa rada ku Venus, ndipo chaka chotsatira analengeza kuti alandira yankho lake. Mu 1959 a ku Jodrell Bank ku England anapezanso zooneka ngati zikugwirizana nazo. Patapita nthawi zinadziwika kuti magulu onse awiri ananamizidwa ndi phokoso lomwe linangochitika kuti lafanana ndi chimene ankayembekeza. Awa sanali anthu osaphunzira, ndipo makina awo anali apamwamba koposa pa nthawiyo.

Yankho lenileni losakayikitsa linalandiridwa pa 10 Marichi 1961 ndi Jet Propulsion Laboratory pa madishi a mamita 26 a ku Goldstone m'chipululu cha California. M'masabata otsatira magulu ena a ku America, England ndi Soviet Union anatsimikiza. Phindu lake linali lalikulu. Poyeza nthawi ya ulendo wa funde, asayansi anapeza mtunda weniweni wa pakati pa dziko ndi dzuwa, makilomita pafupifupi 149.6 miliyoni, muyezo umene zombo zopita ku mapulaneti zimadalira kuti zisasochere. Mu Novembala 1962 a Soviet Union, ali ku Yevpatoria, anagunditsa pa Venus mawu a Morse akuti MIR, kutanthauza mtendere kapena dziko.

Rada inaululanso chinsinsi chimene magalasi oonera kutali analephera. Venus ndi yokutidwa ndi mitambo ya asidi yosang'ambika, ndipo palibe diso linaonapo nthaka yake kuchokera kuno. Pansi pa mitamboyo kumatentha pafupifupi madigiri 460, ndipo mpweya umapanikiza kuposa wa kuno ka 90. Mafunde a wayilesi amadutsa mitamboyo ngati palibe. Ndi iwo anasonyeza kuti Venus imatembenuka chobwerera m'mbuyo, mosiyana ndi dziko lathu, ndiponso mwaulesi wosaneneka: kamodzi pa masiku 243. Munthu woyenda ndawala angafanane liwiro ndi nthaka ya pakatikati pake. Ulesi umenewu, monga tione, ndi mphatso kwa okonda wayilesi.

Bochum, 2009

Mumzinda wa Bochum ku Germany muli dishi ya mamita 20 yobisika m'chimpira choyera chachikulu choiteteza ku mphepo ndi chisanu. Malowa anayambitsidwa ndi Heinz Kaminski, ndipo anatchuka mu 1957 atalandira kulira kwa Sputnik. Nyengo ya mpikisano wa zakumwamba itatha, dishiyo inakalamba. Bungwe la okonda wayilesi la AMSAT-DL, lomwe limamanga masatelayiti ang'onoang'ono, linaikonza n'kuyamba kuigwiritsa ntchito. Mu 2006 linamva nayo chombo cha Voyager 1 chili kutali kupitirira mapulaneti onse.

Iwo anali ndi loto lotumiza chombo chawochawo ku Mars, ndipo ankafuna umboni woti makina awo angalamule chombo pa mtunda wotere. Venus inali mayeso. Vuto linali kupeza mphamvu ya mawati 5,000 mpaka 6,000 pa 2.4 GHz popanda ndalama za boma. Karl Meinzer, mmodzi wa akatswiri awo, anatembenukira ku magnetron, chipangizo cha mtundu womwewo umene umatenthetsa chakudya mu microwave ya kukhitchini. Magnetron ndi yotsika mtengo ndiponso yamphamvu, koma liwu lake ndi losakhazikika, limasuntha ngati woimba wosamva kiyi. Meinzer anaimangirira ku kafunde kakang'ono kokhazikika kwambiri kuti izitsatira komweko, monga kwaya itsatira woyambitsa nyimbo.

Pa 25 Marichi 2009, nthawi ili 12:38 masana kuno kwathu, yankho linaoneka pa kompyuta, litayenda ulendo wa pafupifupi mphindi zisanu. Tsiku lotsatira anabwereza kwa maola angapo, ndipo anatumiza zilembo ziwiri za Morse, HI, zimene satelayiti yoyamba ya okonda wayilesi, OSCAR 1, inkalira mu 1961. Aka kanali koyamba kuti okonda wayilesi agunde pulaneti ina. Chombo cha ku Mars sichinanyamuke, koma mayeso ake ndi amene analowa m'mbiri.

Dwingeloo, 2025

Panapita zaka 16 wina asanabwereze. Kumpoto chakum'mawa kwa Netherlands, pafupi ndi mudzi wa Dwingeloo, kuli dishi ya mamita 25 imene Mfumukazi Juliana anatsegulira mu 1956. Pa nthawiyo inali yaikulu koposa pa madishi a mtundu wake padziko lonse. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 asayansi anaisiya, dzimbiri linayamba kuidya. Mu 2007 anthu odzipereka anakhazikitsa bungwe la CAMRAS kuti aipulumutse. Boma linaiika m'gulu la zinthu zosungidwa za fuko, inakonzedwa, ndipo mu 2014 amene anaitseguliranso anali Joe Taylor uja.

Pa 22 Marichi 2025 Venus inali pa makilomita pafupifupi 42 miliyoni, ndipo ulendo wopita ndi kubwera unali masekondi 280. Gululi linatumiza liwu limodzi losasintha pa 1299.5 MHz kwa masekondi 278, kenaka n'kuzimitsa chotumizira kutangotsala masekondi awiri kuti mutu wa fundelo ufike pobwerera. Dishi imodzi singafuule ndi kumvetsera nthawi imodzi, choncho mtunda weniweniwo ndi umene unalamula kutalika kwa mfuu. Mphamvu yake inali pafupifupi mawati 1,000, yosasiyana kwenikweni ndi ya ayironi yositira zovala. Anachita zimenezi kanayi. Ku Germany, dishi ina yakale ya mamita 25 ya Astropeiler Stockert, yomangidwanso mu 1956 ndipo yoyendetsedwanso ndi odzipereka, inkamvetsera limodzi nawo, ndipo inalandira yankho lomveka bwinopo kuposa la Dwingeloo yomwe.

Dishi yachiwiriyi ndi imene inatseka pakamwa okayika. Phokoso la m'makina a ku Netherlands silingafanane mwangozi ndi la m'makina a ku Germany, pa nthawi imodzi ndi pa liwu limodzi. Anthuwa anaphunzira pa kupunthwa kwa 1958. Anaikanso pa intaneti zonse zimene anajambula kuti aliyense wodziwa masamu awerengere yekha. Ankafuna kupitiriza ndi mafunde onyamula uthenga, koma chotumizira chinayamba kufooka pambuyo pa ulendo wachinayi, ndipo zotsalazo anazisiyira nyengo ina yoyandikira.

Kutola liwu m'phokoso

Pa zoyeserera zonse ziwirizi, ntchito yaikulu sinali kufuula koma kumvetsera. Taganizirani bwalo lafumbi limene anthu amadutsa mwachisawawa tsiku lonse. Mapazi awo amalembana n'kufufutana, sipaoneka njira. Koma pakhale munthu mmodzi wodutsa mzere umodzimodzi m'mawa uliwonse, patapita miyezi kanjira kamaoneka, ngakhale kuti phazi lake silolemera kuposa la ena. Phokoso ndi khamu lija, limapita uku ndi uku n'kumadzifafaniza lokha. Yankho la Venus ndi munthu mmodzi uja. Kompyuta imaunjika zimene yamva sekondi ndi sekondi mpaka kanjira kataonekera. Mtengo wake ndi nthawi: kuti chitsimikizo chiwirikize kawiri, pamafunika kumvetsera nthawi yotalika kanayi. Timabotolo ta Bay tinkachita zomwezi.

Njirayi imatheka pokhapokha ngati womvetsera akudziwa bwino lomwe pamene liwulo ligwere, ndipo apa pali msampha wina. Ambulansi ikamabwera pamsewu wa M1 kulira kwake kumamveka kokwera, ikangodutsa kumatsika. Christian Doppler anafotokoza zimenezi mu 1842, ndipo mafunde a wayilesi amachitanso chimodzimodzi. Venus ikuyenda, dziko likuyenda, komanso likutembenuka. Munthu wokhala phee pakhonde ku Mgona akuthamangitsidwa chakum'mawa pa liwiro la makilomita pafupifupi 1,600 pa ola osadziwa. Zonsezi zimasuntha liwu la yankho, ndipo kusunthako kumasintha mphindi iliyonse. Kompyuta iyenera kuwerengeratu kayendedwe ka zonsezi n'kumakonza mosalekeza, apo ayi munthu wa kanjira uja aziponda malo atsopano tsiku lililonse. Mawotchi a madishi onse awiri ayeneranso kukhala olondola kwambiri kuposa wotchi iliyonse ya m'nyumba.

Apa m'pamene ulesi wa Venus umathandiza. Pulaneti ikamatembenuka, mbali imodzi imabwera kwa ife pamene inayo ikuthawa, ndiye yankho limapakika pa maliwu ambiri n'kumira m'phokoso. Mars imatembenuka kamodzi pa maola 24 ndi theka, ndi yaing'ono, ndipo siyandikira kuposa makilomita pafupifupi 56 miliyoni. N'chifukwa chake ndi yovuta kwambiri. Venus, poti imatembenuka pang'onopang'ono, imabweza liwu lopyapyala losavuta kuunjika.

Phindu lake n'chiyani

Funso limeneli ndi loyenera, makamaka kwa wowerenga amene akulimbana ndi mtengo wa ufa. Kunena zoona, palibe chatsopano chokhudza Venus chimene magulu awiriwa anapeza. Chombo cha Magellan chinajambula kale pafupifupi nthaka yonse ya pulanetiyi ndi rada pakati pa 1990 ndi 1994. Chimene anasonyeza ndi china: ntchito imene mu 1961 inkafuna chuma cha boma lamphamvu, lero ingachitike ndi dishi yotayidwa, mphamvu ya ayironi imodzi, kompyuta wamba ndi anthu oleza mtima. Komanso madishi otha kugunda mapulaneti ndi miyala yoyendayenda kumwamba ndi owerengeka. Yaikulu koposa pa ntchitoyi, ya mamita 305 ku Arecibo ku Puerto Rico, inagwa pa 1 Disembala 2020.

Nkhani ya dishi yakale yopatsidwa moyo wachiwiri si ya ku Ulaya kokha. Ku Hartebeesthoek, chakumadzulo kwa Johannesburg, dishi ya mamita 26 imene NASA inamanga mu 1961 yotsatira zombo inasanduka ya asayansi a ku South Africa m'zaka za m'ma 1970. Ku Kuntunse ku Ghana, dishi ya mamita 32 imene inkanyamula matelefoni akunja inasinthidwa kukhala yomvetsera nyenyezi ndipo inatsegulidwa mu 2017. Malawi nayo inkalankhula ndi maiko akunja kudzera pa siteshoni ya satelayiti ya Kanjedza ku Blantyre, ndipo Zambia kudzera pa ya Mwembeshi, mawaya a fibre asanafike. Pamene dziko likuganiza chochita ndi chitsulo chotere, wogula zitsulo zakutha sayenera kukhala yekha wofunsidwa.

Poyambira pali pafupi

Palibe amene angagunde Venus ali padenga la malata ku Mgona, ndipo kunena mwina kungakhale kunamiza achinyamata. Koma makwerero a ntchitoyi ali ndi mapondero apansi amene ali pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu Novembala 2018 dziko la Qatar linakweza satelayiti ya Es'hail-2, yonyamula chipangizo cha okonda wayilesi chotchedwa QO-100, chimene chinakonzedwa mothandizana ndi AMSAT-DL yomwe ija ya ku Bochum. Satelayitiyi imaima malo amodzi, makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa Africa, pa madigiri 25.9 kum'mawa. Kwa munthu wa ku Lilongwe ili pamwamba kwambiri, chakumpoto chakumadzulo. Mafunde ake amatsika pa 10.489 GHz, pafupi ndi a wayilesi ya kanema, moti dishi wamba ya padenga ndi LNB yake imawagwira. Chotsala ndi kachipangizo kofanana ndi fulashi kotchedwa RTL-SDR, kolowetsa pa laputopu. Wopanda zonsezi angamvetsere satelayitiyi pa foni kudzera pa cholandirira cha ku Goonhilly ku England chimene chinalumikizidwa pa intaneti. Anyamata amene amaimika madishi ndi kukonza mafoni ku Mgona, Area 25 ndi Chinsapo ali kale ndi theka la luso lofunikalo: kulozetsa dishi mpaka siginolo itakwera, kuotcherera waya, kudziwa chingwe chimene chalowa madzi.

Chenjezo limodzi lisaphonyedwe. Nkhani ya magnetron ya ku Bochum isakope munthu kutsegula microwave yakufa. M'kati mwake muli magetsi a mavoti masauzande amene amatha kukhalamo ngakhale itazulidwa kukhoma, ndipo amapha. Mafunde ake akatuluka poyera amaononga maso munthu asanamve kutentha.

Nthawi imene Nthanda imayandikira

Nthano ina ya Anyanja, imene Alice Werner analemba atakhalako kuno m'zaka za m'ma 1890, imati mwezi uli ndi akazi awiri. Chekechani wa kum'mawa samudyetsa bwino mwamuna wake, n'chifukwa chake amaonda akakhala kumeneko. Puikani wa kumadzulo amamunenepetsa. Akazi awiriwa ndi mmodzi, Venus yomweyo, imene imakhala miyezi ingapo ikuwala madzulo, n'kusowa masiku ochepa, kenaka n'kutulukira m'bandakucha. M'masiku osowawo imakhala ikudutsa pakati pa dziko ndi dzuwa, ndipo m'pamene imayandikira kwambiri. Zoyeserera zonse zafotokozedwazi zimachitika pa nthawi imene Puikani akusanduka Chekechani, masana dzuwa lili phwee, pamene diso silingaione n'komwe.

Izi zimachitika kamodzi pa masiku 584, kapena kuti miyezi 19. Maulendo asanu otere amakwana zaka 8 pafupifupi ndendende, n'chifukwa chake Bochum ndi Dwingeloo onse anagwera kumapeto kwa Marichi, motalikirana zaka 16. Kuyandikira kwa mu Marichi kuli ndi ubwino winanso: Venus imadutsa madigiri 8 kumpoto kwa dzuwa, patali mokwanira kuti dishi isamwe phokoso la dzuwalo, lomwe pa wayilesi ndi lalikulu zedi. Pambuyo pa 23 Marichi 2025, masiku otsatira a kuyandikiraku ndi 24 Okutobala 2026 ndi 1 Juni 2028. Patangopita sabata imodzi kapena ziwiri kuchokera pa tsiku lililonse lotere, wolawirira ku Kanengo amaionanso Nthanda ili m'munsi kum'mawa, ndipo ndi magalasi wamba oonera patali imaoneka yopindika ngati mwezi wongokhala kumene.